Anataya mavoti koma anabwerera pampando: yankho kwa mayi wa ku Hessen

Mayi wina wa kwathu amene tsopano akukhala ndi banja lake kufupi ndi mzinda wa Frankfurt ku Germany wanditumizira imelo. Akuti anzawo akuntchito amakambabe za chisankho cha chigawo chawo cha Hessen cha mu 2018, pomwe chipani cholamula cha CDU chinagwa kwambiri moti Angela Merkel, yemwe anali chansela (mtsogoleri wa boma la dziko lonse la Germany) panthawiyo, anachita kulengeza zosiya utsogoleri wa chipanicho. Chikuwadabwitsa n'chakuti nduna yaikulu ya chigawocho, Volker Bouffier wa CDU yomweyo, anabwerera pampando pamodzi ndi boma lake la mgwirizano wa CDU ndi chipani cha Greens. "Ngati anthu anawakana, anabwerera bwanji? Kodi kumeneku si kuba mwaulemu? Nanga bwanji mu 2023, pomwe zipani ziwirizo zinali ndi mipando yokwanira bwino, mgwirizanowo unatha? Ndipo ife obwera tili ndi mawu pa zimenezi?"

Zikomo Mayi polemba. Sikunali kuba. Koma boma lomwe linalumbira mu Januwale 2019 silinali lofanana ndi lomwe linalowa pachisankho, ngakhale mayina a zipani ndi nkhope za atsogoleri zinali zomwezo. Ovota sanachotse boma, anasintha kulemera kwa mbali ziwiri zomwe zinali m'bomamo, ndipo zonse zomwe mwafunsa, mpaka za 2023, zikuchokera pamenepo.

Kwathu tinazolowera kuti pepala la pulezidenti ndi lapadera, la phungu lapadera, la khansala lapadera. Ku Hessen kulibe pepala la nduna yaikulu. Chithunzi cha Bouffier chinali pazikwangwani m'misewu yonse, koma munthu wa ku Fulda kapena ku Kassel analibe poti n'kumuchonga ngati mtsogoleri wa chigawo. Anthu amasankha aphungu a nyumba ya malamulo ya ku Wiesbaden (likulu la chigawochi), yomwe eni ake amaitcha Landtag, ndipo aphunguwo ndi amene amasankha nduna yaikulu. Amavota mwachinsinsi, ndipo wofuna mpandowo amayenera kupeza mavoti opitirira theka la aphungu onse. Choncho usiku wa chisankho anthu safunsa kuti chipani choyamba n'chiti basi. Amatenga cholembera n'kuyamba kuphatikiza mipando, kuona kuti ndi zipani ziti zomwe zikaima pamodzi zingadutse theka.

Wovota amachonga kawiri papepala limodzi. Voti yoyamba ndi ya munthu woimira dera lake, ndipo madera alipo 55. Yachiwiri ndi ya chipani, ndipo imeneyi ndiyo yamphamvu chifukwa ndi imene imalamula kuti chipani chilichonse chikhale ndi gawo lalikulu bwanji m'nyumbamo. Chipani chimene sichifika pa 5 peresenti ya mavoti achiwiri sichipatsidwa nawo mipando yogawana.

Chisankho chinachitika pa 28 Okutobala 2018. CDU inapeza 27.0 peresenti, kutsika kuchoka pa 38.3 ya mu 2013. Mnzake wa m'boma, chipani cha Greens chomwe chimaika patsogolo za chilengedwe, chinakwera kuchoka pa 11.1 kufika pa 19.8. Chipani chachikulu chotsutsa, SPD, chinagwa chimodzimodzi CDU: kuchoka pa 30.7 kufika pa 19.8. AfD, chipani chodana ndi kubwera kwa alendo, chinapeza 13.1 n'kulowa m'nyumbayi koyamba, ndipo panthawiyo chinakhala ndi aphungu m'zigawo zonse 16 za Germany. FDP, chipani choimira kwambiri za amalonda, inapeza 7.5, ndipo Die Linke, chipani cha maganizo a sosholizimu, 6.3. Mipando inagawidwa motere: CDU 40, Greens 29, SPD 29, AfD 19, FDP 11, Die Linke 9. Yonse pamodzi 137. Kuti udutse theka umafunika 69, ndipo 40 kuphatikiza 29 ndi 69 ndendende.

Onani bwino manambalawo. CDU inataya 11.3, Greens inawonjezera 8.7. Mgwirizano wonse unatsika pang'ono chabe, kuchoka pa 49.4 kufika pa 46.8. Amene anagwa ndi mbali imodzi ya boma, pomwe mbali inayo inakwera kuposa chipani china chilichonse kupatula AfD. Choncho sitinganene kuti anthu anakana boma lonse. Tiyerekeze ndi anthu awiri ogwirizana pa minibasi imodzi. Poyamba wina anali ndi magawo atatu mwa anayi, mnzakeyo gawo limodzi losakwana bwino, ndiye kuti mipando 47 kwa 14. Pambuyo pa chisankho zinakhala 40 kwa 29. Minibasi ndi yomweyo, woyendetsa ndi yemweyo, koma pokambirana za njira ndi za ndalama, wamng'ono uja tsopano amalankhula atakhala pampando, osati ataima pakhomo.

Mwina mwadabwa kuti 137 yachokera kuti, popeza malamulo amati nyumbayi ili ndi mipando 110. Apa ndi pomwe ndikufuna tichedwepo, chifukwa pakukhudza kwambiri nkhawa yanu ya kuba. CDU, ngakhale inafooka, inakhalabe yoyamba m'madera ambiri akumidzi ndi m'matauni ang'onoang'ono, ndipo inapambana madera 40 mwa 55. SPD inatenga 10, Greens 5. Koma potengera mavoti achiwiri, CDU inayenera kukhala ndi mipando 32 yokha. Munthu amene wapambana dera lake sangalandidwe mpando, ndiye mipando 8 yapamwambayo inakhalabe ya CDU. Kuti zipani zina zisaponderezedwe, lamulo limati ziwonjezeredwe mipando mpaka gawo la chipani chilichonse lifanane ndi mavoti ake. Zinawonjezeredwa 19. Ndi mmene 110 inasandukira 137.

Tsopano ganizirani chikhala kuti ku Hessen amasankha aphungu monga timachitira kwathu, kuti wopambana m'dera watenga zonse. CDU ikanakhala ndi mipando 40 mwa 55, pafupifupi magawo atatu mwa anayi a nyumba yonse, ndi mavoti osafika ngakhale gawo limodzi mwa atatu. Bouffier sakanafuna mnzake, sakanakambirana ndi aliyense. Njira imene ikuoneka yozungulira komanso yokayikitsayi ndi imene inamukakamiza kupita kwa a Greens chipewa chili m'manja. Ine ndikaika njira ziwirizi pambali, imene ndimaiopa pa nkhani ya kulemekeza voti ya munthu si ya ku Hessen ayi. Chipani cha AfD chinakadandaula ku khoti lalikulu la chigawochi kuti mipando yowonjezerayo inawerengedwa molakwika ndipo inayenera kukhala 138, zomwe zikanalanda boma mpando wake umodzi wotsogola uja. Khotilo linakana dandauloli mu Januwale 2021.

Panalinso nkhani ina imene inasunga anthu m'mwamba kwa masabata pafupifupi atatu. Greens ndi SPD onse anali pa 19.8, ndipo zotsatira zoyamba zinasonyeza a Greens ali patsogolo ndi mavoti 94 okha. Kenako zinadziwika kuti ku Frankfurt kuwerenga sikunayende bwino: makina otumizira zotsatira anavuta, m'malo ena anangoyerekeza manambala usikuwo, kwina anasokoneza milu ya mapepala. Anakonza zolakwikazo poyera, ndipo pa 16 Novembala zotsatira zomaliza zinatuluka. A Greens anakhalabe achiwiri, ndi mavoti 66 pamwamba pa SPD, pomwe chipani chilichonse chinali ndi mavoti opitirira 570,000.

Mavoti 66 amenewa sanali a ulemu chabe. Panali magulu atatu omwe akanatha kupanga 69: CDU ndi Greens, CDU ndi SPD, kapena Greens, SPD ndi FDP kusiya CDU panja. M'chizolowezi cha ndale za ku Germany, chipani chachikulu mumgwirizano ndi chimene chimapereka mtsogoleri. SPD ikanakhala yachiwiri, mtsogoleri wake Thorsten Schäfer-Gümbel akanakhala ndi poyambira kuyesa boma la zipani zitatu. Koma popeza achiwiri anali a Greens, mtsogoleri wa boma loterolo akanakhala Tarek Al-Wazir, ndipo FDP inali itanena kale kuti sivotera wa Greens kukhala nduna yaikulu. Greens, SPD ndi Die Linke pamodzi anali ndi 67, kuperewera awiri. Zipani zonse zinakana kugwira ntchito ndi AfD. Za CDU ndi SPD, limenelo ndi gulu lomwe linkalamula ku Berlin ndipo ndi lomwe ovota anali atangolikwapula kumene. Njira yotsala yooneka bwino inali yomwe ija.

Nanga n'chiyani chinagwetsa CDU chonchi? Kwakukulu sizinali za ku Wiesbaden. Chaka cha 2018 boma la ku Berlin, la CDU, mlongo wake CSU (wa m'chigawo cha Bavaria) ndi SPD, linathera nthawi yake m'mikangano. Pakati pa chaka, Merkel ndi nduna yake ya za m'dziko Horst Seehofer anakokanakokana pa nkhani yobweza othawa kwawo pamalire mpaka boma linatsala pang'ono kugwa. Mu Seputembala kunabwera nkhani ya Hans-Georg Maaßen, mkulu wa bungwe la ukazitape wa m'dziko, yemwe anakayikira poyera kanema wosonyeza alendo akuthamangitsidwa ku Chemnitz. Pofuna kumuchotsa paudindo, atsogoleri a boma anayamba agwirizana zomukweza pantchito, anthu n'kukwiya kwambiri mpaka anabweza ganizolo. Mwezi womwewo khoti linalamula kuti magalimoto akale a dizilo aletsedwe mu Frankfurt chifukwa cha utsi, ndipo anthu ambiri oyenda ndi magalimoto otere kupita kuntchito anaona kuti boma la ku Berlin likuteteza makampani opanga magalimoto kusiya iwo. Masabata awiri chisankho cha ku Hessen chisanachitike, CSU inali itagwa kale ku Bavaria, kutsika kufika pa 37.2 peresenti. Ovota a ku Hessen anapatsidwa mpata wolanga zipani ziwiri za ku Berlin, ndipo anazilanga zonse ziwiri mofanana, ngakhale china chinali m'boma ku Wiesbaden, china kotsutsa. Uthengawo unafika. M'mawa mwake, pa 29 Okutobala, Merkel analengeza kuti sadzaimiranso utsogoleri wa CDU womwe anaugwira kuyambira mu 2000, komanso kuti nthawi yake ya uchansela imeneyo ndi yomaliza. Mu Disembala chipanicho chinasankha Annegret Kramp-Karrenbauer, yemwe anagonjetsa Friedrich Merz mwapang'ono.

Tsiku la chisankholo anthu anavoteranso zosintha malamulo oyendetsera chigawo, ndipo chimodzi mwa izo chinali kufufuta chilango cha imfa chomwe chinali chikadali m'buku la mu 1946, ngakhale malamulo a dziko lonse anali atachithetsa kale mu 1949. Anthu ochuluka anavomereza. Ndangotchulapo chifukwa ambiri sadziwa kuti mapepala anali awiri tsiku limenelo.

Tsopano za mgwirizanowo, chifukwa kuti muone chifukwa chake unakhala wolimba muyenera kudziwa kumene unachokera. Kulibe chigawo ku Germany komwe CDU ndi Greens ankadana ngati ku Hessen. Kumeneku n'komwe mu 1985 Joschka Fischer analumbira kukhala nduna ya zachilengedwe atavala nsapato zothamangira, woyamba wa Greens kukhala nduna, m'boma la SPD. CDU ya ku Hessen inkadziwika kuti ndi youma mutu kuposa nthambi zina za chipanicho. Mu 1999 Roland Koch analowa m'boma atasonkhanitsa masiginecha otsutsa zoti munthu akhale nzika ya mayiko awiri. Mu 2008 chipani chomwecho chinakhoma zikwangwani zouza anthu kuti aimitse Ypsilanti (mtsogoleri wa SPD ku Hessen panthawiyo), Al-Wazir ndi achikomyunizimu, ndipo ambiri anaona kuti mayina awiriwo anaikidwa dala kuti amveke achilendo. Al-Wazir anabadwira ku Offenbach, bambo ake ndi a ku Yemen, mayi ake ndi a ku Germany. Patangopita zaka zisanu ndi chimodzi, mu Januwale 2014, munthu yemweyo anakhala wachiwiri kwa nduna yaikulu ya CDU. Aka kanali koyamba kuti zipani ziwirizi zilamulire pamodzi chigawo chachikulu, osati cha mzinda umodzi ngati Hamburg.

Sanagwirizane chifukwa chokondana. Anakhala pansi n'kulemba. Nkhani yovuta kwambiri inali bwalo la ndege la Frankfurt, lomwe ndi gwero lalikulu la ntchito m'chigawochi komanso gwero la phokoso kwa anthu okhala mozungulira. A Greens anali atalimbana ndi kukulitsa bwaloli kwa zaka makumi angapo. CDU inkafuna likule. Chomwe chinatuluka n'chakuti ntchito yomanga Terminal 3 inayamba mu 2015, pomwe a Greens anapeza dongosolo losinthanasinthana misewu ya ndege m'maola a usiku ndi m'bandakucha kuti madera ena azipumako phokoso kwa maola asanu ndi awiri. Palibe amene anasangalala kwathunthu. Koma kwa zaka zisanu anthu sanaone nduna zikunyozana pawailesi, ndipo mu 2018, poyerekeza ndi chipwirikiti cha ku Berlin, bata limeneli linali chuma. Phindu lake lalikulu linapita kwa a Greens, chifukwa iwo sanali m'boma la ku Berlin, ndipo munthu wokwiya ndi Merkel koma wosafuna AfD anali ndi pothawira. Al-Wazir mwiniwake anapambana dera la kwawo ku Offenbach.

Zokambirana zachiwiri zinatha kumapeto kwa Disembala 2018, ndipo pangano lake linasindikizidwa kuti aliyense awerenge, zipani zonse ziwiri n'kulivomereza pamisonkhano yawo. Maunduna a Greens anachoka pa awiri kufika pa anayi. Al-Wazir anasunga zachuma, mphamvu zamagetsi ndi zamtengatenga, n'kuwonjezeredwa zanyumba, nkhani yowawa kwa aliyense amene akulipira lendi mozungulira Frankfurt, monga inu Mayi mukudziwira. Priska Hinz anasunga zachilengedwe ndi ulimi. Kai Klose anatenga zachisamaliro cha anthu, Angela Dorn zasayansi ndi zaluso. M'mapangano otere amalembamonso zomwe adzachite akasemphana. Mwachitsanzo, Hessen ili ndi mavoti 5 mu Bundesrat, nyumba yoimira zigawo ku Berlin, ndipo mavotiwo amaponyedwa onse mbali imodzi. Zipani ziwiri zikalephera kumvana pa bilu ina, chigawo sichivota. Amagwirizananso kuti m'nyumba ya malamulo wina sadzavota ndi otsutsa pofuna kugonjetsa mnzake.

Pa 18 Januwale 2019 aphungu anavota mwachinsinsi ndipo Bouffier anapeza 69. Mmodzi yekha akanatembenuka, zonse zikanagwa. Anthu a ku Hessen amadziwa kuti zimenezi zimatheka, chifukwa anaziona mu 2008. Chaka chimenecho Andrea Ypsilanti wa SPD anafuna kupanga boma ndi Greens mothandizidwa ndi Die Linke, ngakhale pakampeni analonjeza kuti sadzagwira ntchito ndi chipani chimenecho. Kutatsala tsiku limodzi kuti aphungu avote, aphungu anayi a chipani chake analengeza kuti samuvotera. Nyumba inathetsedwa, chisankho n'kubwerezedwa mu Januwale 2009, SPD n'kugwa. Ndikukhulupirira kuti chikumbukiro chimenechi chinathandiza kusunga aphungu 69 aja pamzere. Boma la mpando umodzi wotsogolali linamaliza zaka zake zisanu. Linapirira ngakhale kusintha kwa mtsogoleri, pomwe Bouffier anatula pansi udindo mu Meyi 2022 ndipo Boris Rhein analowa m'malo mwake.

Koma walira mvula walira matope, ndipo matope ambiri anagwera a Greens. Mu 2020 apolisi anachotsa achinyamata omwe anamanga tinyumba m'mitengo ya m'nkhalango ya Dannenröder Forst pofuna kuletsa kuti isadulidwe pomanga msewu waukulu wa A49. Msewuwo ndi wa boma la dziko lonse ndipo makhoti anali atauvomereza, koma nduna ya zamtengatenga ya chigawo yomwe inayenera kuyendetsa ntchitoyo inali Al-Wazir, wa chipani chomwe chinabadwa poteteza nkhalango. Chowawa kwambiri kwa ine ndi nkhani ya mafayilo a NSU, gulu la zigawenga zodana ndi alendo lomwe mu 2006 linapha Halit Yozgat, mnyamata wa zaka 21, m'sitolo yake ya intaneti ku Kassel. Wogwira ntchito wa bungwe la ukazitape la chigawochi anali m'sitolomo chapanthawi yomweyo, ndipo nduna ya za m'chigawo panthawiyo inali Bouffier. Lipoti la bungwelo lokhudza nkhaniyi linatsekeredwa kwa zaka 120, kenako anazitsitsa kufika pa 30. Mu 2021 anthu opitirira 100,000 anasaina pempho loti lipotilo litulutsidwe, ndipo aphungu a Greens anaima ndi CDU pokana. Zimenezi zinachitika patangopita zaka ziwiri Walter Lübcke, mkulu wa boma m'dera la Kassel komanso wa CDU yomweyo, ataphedwa pakhonde la nyumba yake ndi munthu wa maganizo omwewo. Ine ndimaona kuti apa a Greens analakwa. Pangano lakuti sitidzavota mosiyana ndi limene limasunga boma, koma mabanja a ophedwa anayenera kuyankhidwa, ndipo chipani chokhala ndi mipando 29 mwa 69 chinali ndi mphamvu zokwanira kuumirira. Sichinatero.

Tafika pa funso lanu la 2023. Pa 8 Okutobala chaka chimenecho mphepo inali itatembenuka. Ku Berlin tsopano kunkalamula SPD, Greens ndi FDP, CDU ili kotsutsa, ndipo mkwiyo wa anthu pa kukwera mtengo kwa zinthu, pa lamulo la zotenthetsera nyumba ndi pa za othawa kwawo unagwera zipani zitatuzo. CDU ya Rhein inakwera kufika pa 34.6. AfD inakhala yachiwiri ndi 18.4. SPD, yotsogozedwa ndi Nancy Faeser yemwe anali nduna ya za m'dziko ku Berlin, inapeza 15.1, Greens 14.8, FDP inangopulumuka ndi 5.0, Die Linke inatuluka. Mwa mipando 133, CDU inali ndi 52, AfD 28, SPD 23, Greens 22, FDP 8. CDU ndi Greens akanakhala ndi 74, chiwerengero chabwino kuposa cha 2018 kutalitali. Koma CDU ndi SPD anali ndi 75, ndipo ulendo uno Rhein ndi amene anali ndi mwayi wosankha. Anakambirana ndi onse awiri, ndipo mu Novembala analengeza kuti atenga SPD, ponena kuti akugwirizana nayo kwambiri pa nkhani monga za othawa kwawo ndi chitetezo. Boma latsopano linalumbira mu Januwale 2024, ndipo a Greens, patatha zaka khumi akusunga pangano mokhulupirika, anabwerera kumipando yotsutsa.

Mukaika zisankho ziwirizi pamodzi, muona kuti mu 2018 mgwirizano unapulumuka utataya mavoti chifukwa CDU inali yofooka ndipo inalibe kwina kolowera kwabwino. Mu 2023 unatha utawonjezera mavoti chifukwa CDU inali yamphamvu ndipo inali ndi zibwenzi ziwiri pakhomo. Apa ndi pomwe ndikuvomerezana nanu, Mayi, kuti nkhawa yanu ili ndi maziko. Munthu amene anavotera CDU mu 2023 chifukwa chokonda mmene boma la zipani ziwirizo linkayendera sanapatsidwe zomwe ankayembekezera. Njira imeneyi imaonetsetsa kuti voti yanu yawerengedwa mokulira kwake m'nyumba ya malamulo, koma sikulonjezani kuti boma lidzakhala la ndani ndi ndani. Zimenezo zimakambidwa m'chipinda chisankho chitadutsa. Ndiponso 69 ya mu 2018 ija inaimira 46.8 peresenti ya ovota, osati theka, chifukwa mavoti a zipani zomwe sizinafike pa 5 peresenti sanabale mpando uliwonse.

Kwathu timachita mosemphana, ndipo n'chifukwa chake zikukuvutani kumvetsa. Khoti litafufuta chisankho cha 2019 mu Febuluwale 2020 n'kunena kuti pulezidenti azipambana ndi mavoti opitirira theka, MCP, UTM ndi zipani zina zinapanga Tonse Alliance chisankho chisanachitike. Wovota ankadziwa amene akuyenda ndi ndani, ndipo ubwino umenewu ovota a ku Hessen alibe. Koma zomwe atsogoleri anasainirana sizinaikidwe pamaso pa anthu panthawiyo. Tinadzazimva mu 2022 pomwe malemu Saulos Chilima anafotokoza mbali yawo, ena n'kutsutsa, ndipo nzika wamba inalibe pepala loti itsegule n'kuona amene akunena zoona. Komanso pulezidenti wosankhidwa mwachindunji sadalira mnzake wa mgwirizano kuti akhalebe pampando, pomwe Bouffier tsiku lililonse ankafuna aphungu 29 a Greens kuti bajeti yake idutse. Chimene ndimasirira ku Hessen si chakuti andale akewo ndi abwino kuposa athu. Ndi chakuti pangano limakhala poyera, mutu ndi mutu, ndipo mtolankhani, wotsutsa kapena mayi wobwereka nyumba akhoza kuliloza n'kufunsa kuti apa munalemba zakuti, zili kuti?

Za funso lanu lomaliza: pachisankho cha Landtag amavota nzika za Germany zokha za zaka 18 kupita m'mwamba zokhala m'chigawomo, ndipo chimachitika zaka zisanu zilizonse, choncho chotsatira chikuyembekezeka mu 2028. Amene si nzika ali ndi khomo lina laling'ono. M'matauni ambiri a ku Hessen okhala ndi alendo ochuluka muli bungwe lotchedwa Ausländerbeirat, lomwe limasankhidwa ndi alendo eni ake ndipo limalangiza khonsolo pa nkhani zowakhudza. Funsani ku ofesi ya khonsolo ya tauni yanu ngati lilipo komanso ngati dzina lanu lili m'kaundula. Ngati mwakhalitsa, dziwaninso kuti kuyambira mu Juni 2024 lamulo la Germany limalola munthu kupempha unzika atakhala zaka zisanu m'dzikomo popanda kutaya unzika wakwawo, ndipo Malawi nayo inasintha lamulo lake n'kulola nzika zake kukhala ndi unzika wa mayiko awiri. Pamafunika mayeso a chilankhulo ndi a za dziko, komanso umboni wakuti mumadzidalira pa chuma. Mapepala amachedwa m'maofesi ambiri, ndiye ngati mukufuna kudzavota mu 2028, yambani kufufuza panopa.